Kodi Mbozi Imadya Chiyani Chimanga Chikatha M'munda?

Mphunzitsi amene adzatumizidwa kukagwira ntchito m'dera la Mfumu Kaduya, m'boma la Phalombe, adzakumana ndi funso limene ana a alimi amafunsa mvula ikangoyamba. Chimanga chimakololedwa m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, mapesi amauma, ndipo minda yambiri imakhala yopanda chimanga chachiŵisi kufikira Novembala kapena Disembala. Koma mbewu yatsopano ikangotulutsa masamba anayi kapena asanu, timapeza mbozi zakhazikika kale m'nsonga mwake. Tsono mwana amafunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi mbozizi zinali kuti miyezi yonseyi, ndipo zinkadya chiyani?"

Ana ena amaganiza kuti mbozi zimagwa pamodzi ndi mvula, ena kuti zimabwera m'thumba la mbewu kapena la feteleza. Mphunzitsi akangowauza kuti zimenezo nzabodza, ndiye kuti sanawaphunzitse kanthu, chifukwa wachotsa yankho limodzi popanda kuikapo lina. Yankho loona ndi lakuti mbozi imaoloka chilimwe mwa kudya zomera zina, ndiponso chimanga cha m'madimba. Komabe zomera zimenezi siziilera mofanana: pa china imakula msanga, pa china imakula movutika, ndipo pa china imafa. M'nkhani ino tifotokoza mmene zimenezi zimachitikira, kenaka tisonyeza njira imene ana a Sitandade 6 kapena 7 angazionere ndi maso awo, pogwiritsa ntchito mabotolo akale ndi masamba othyola pafupi ndi sukulu.

Mbozi imene tikunena

Makolo athu ankadziŵa kale ntchemberezandonda, mbozi zimene zimabuka zaka zina, nkumayenda chigulu, zikumadya udzu ndi mbewu za mtundu wa udzu, kenaka nkuzimiririka. Mbozi imene yavutitsa alimi m'zaka zaposachedwa ndi mbale wake wa ntchemberezandonda, koma khalidwe lake ndi lina. M'Chingerezi imatchedwa fall armyworm, ndipo akatswiri amaitcha Spodoptera frugiperda. Kwawo ndi ku maiko otentha a ku America. Mu Africa inaoneka koyamba kumayambiriro kwa chaka cha 2016 ku maiko a kuzambwe monga Nigeria, ndipo kuno ku Malaŵi inafika m'nyengo yaulimi ya 2016/2017. Inafala mofulumira kwambiri, kotero kuti mu Disembala 2017 mtsogoleri wa dziko, Peter Mutharika, analengeza kuti maboma 20 mwa maboma 28 agwa m'ngozi chifukwa cha mbozi imeneyi. Kuyambira pamenepo sinachokenso.

Ana angaizindikire ndi zizindikiro ziŵiri. Pamutu pake pali mizere yotuwa yooneka ngati chilembo cha Y chozondoka, ndipo cha kumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala ngati ngodya zinayi za bokosi. Imakonda kubisala m'kati mwa nsonga ya chimanga, pamene masamba atsopano amatulukira, ndipo imasiya ndowe zonga utuchi wonyowa.

Bungwe la FAO linanena kuti mbozi imeneyi imadya mitundu ya zomera yoposa 80. Mu 2018 akatswiri ena anasonkhanitsa zonse zimene zinalembedwapo ku America, napeza mitundu 353. Pakati pa zomerazo pali mapira, mpunga, nzimbe, thonje, mtedza, nyemba, kabichi, tomato, bonongwe ndi udzu wa kapinga. Mndandanda umenewu ungaopse mlimi aliyense wa ku Phalombe, pakuti mbewu zambiri zotchulidwazo zimapezeka m'minda yake. Koma kuno ku Africa chiwonongeko chachikulu chaoneka pa chimanga, ndipo mapira amabwera pambuyo pake. Kusiyana kumeneku, pakati pa mndandanda wautali ndi mbewu zochepa zimene zimawonongekadi, ndiko kumene phunziro lathu liyenera kufotokoza.

Moyo wa mbozi ndi masamu a miyezi

Mbozi ndi mwana wa gulugufe wotuwa wouluka usiku. Gulugufe wamkazi amaikira mazira m'timagulu ta 100 mpaka 200 pa tsamba, nawaphimba ndi timamba ta pathupi pake, ndipo pa moyo wake angaikire mazira oposa 1,000. Nyengo ikakhala yofunda, mazira amaswa patapita masiku aŵiri kapena atatu. Kambozi kakamadya, khungu lake limakathina, motero kamafundula ngati njoka. Kaŵirikaŵiri kamadutsa misinkhu isanu ndi umodzi m'masabata aŵiri kapena atatu. Mbozi ikakhwima imatsikira pansi, niloŵa m'nthaka mozama masentimita 2 mpaka 8, nisanduka kanthu kofiirira kosayenda kamene kamagona m'chikwa cha dothi. Patapita masiku 8 kapena 10 gulugufe watsopano amatuluka, ndipo amakhala ndi moyo pafupifupi masiku khumi, nthaŵi zina kufikira masabata atatu. Ulendo wonse, kuchokera pa dzira kufika pa gulugufe, umatenga masiku pafupifupi 30 kukamatentha, ndipo umatalika kufikira masiku 60 kapena kuposerapo kukamazizira.

Chinthu chofunika kuchitsindika ndi ichi: mbozi imeneyi ilibe mphamvu yogona tulo tatitali podikira mvula. Palibe msinkhu uliwonse wa moyo wake umene ungaime chilili kwa miyezi yambiri. Apa mphunzitsi angapereke masamu kwa ana. Kuchokera mu Meyi kufika mu Disembala pali miyezi isanu ndi iŵiri kapena isanu ndi itatu. Ngati m'badwo umodzi umatha mwezi umodzi kapena iŵiri, kodi mbozi ya mu Disembala ingakhale mwana wa gulugufe wa mu Meyi? Ana adzapeza okha kuti sizingatheke, ndi kuti pakati pakepo payenera kudutsa mibadwo ingapo. M'badwo uliwonse umafuna tsamba laliŵisi. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha; mbozi nayo imatha chaka mwa kudumpha kuchoka pa chomera china kupita pa chinzake.

Malo odumphirawo sasoŵa m'chigwa cha Phalombe. Mitsinje yochokera m'phiri la Mulanje ndi la Michesi imayenda kulinga ku nyanja ya Chilwa, ndipo m'mphepete mwake ndi m'madambo anthu amalima chimanga cha m'dimba, nzimbe ndi ndiwo zamasamba. Mapira amachedwa m'munda chimanga chitakololedwa, ndipo zitsa zake zimaphukanso pakakhala chinyontho. Njere za chimanga zotayika pokolola zimamera zokha pamalo onyowa. Kapinga amakhala wobiriŵira pafupi ndi zitsime ndi mijigo. Pamwamba pa zonsezi, gulugufe angauluke makilomita okwana 100 usiku umodzi mphepo ikamthandiza, motero dimba la kutali lingatumize alendo ku munda umene mwini wake anausamala bwino.

Kudya ndi kwina, kukula ndi kwina

Tikaona tsamba lobooka timafulumira kunena kuti mbozi imadya chomeracho. Nzoona, koma funso lofunika kwa mlimi ndi lakuti, kodi mbozi imene yadya tsamba limenelo idzafika posanduka gulugufe woikira mazira ambiri? Chomera chimene chimaidyetsa tsiku limodzi nchosiyana ndi chomera chimene chimailera kufikira itabereka. Pali zifukwa zinayi zimene zimasiyanitsa zomera m'njira imeneyi.

Choyamba ndi chakudya chimene chili m'tsambamo. Mbozi imakula moŵirikiza kambirimbiri m'masabata aŵiri okha, choncho imafuna zakudya zomanga thupi ndi madzi ochuluka. Tsamba lanthete la m'nsonga ya chimanga, makamaka chothiridwa manyowa kapena feteleza, lili ndi zonsezi. Tsamba lokalamba la udzu wa m'chilimwe lili ndi zochepa.

Chachiŵiri ndi kulimba kwa tsamba. Kambozi kongoswa kumene kali ndi zibwano zazing'ono kwambiri, kotero kuti sikaboola tsamba koma kamangolipala mbali imodzi, nkusiya timaŵanga toonekera kuŵala. Udzu wambiri uli ndi timchenga tosaoneka ndi maso m'masamba mwake, timene timachititsa kuti tsamba lizicheka dzanja. Timchenga timeneti timaperepesa zibwano za mbozi. Motero mbozi yaikulu ingathe kudya tsamba limene kambozi kakang'ono kangafe nalo ndi njala.

Chachitatu ndi mankhwala amene zomera zimapanga podziteteza. Chimanga chaching'ono nacho chili ndi mankhwala otere, koma m'matumbo a mbozi imeneyi muli mphamvu yowasandutsa opanda ululu, ndipo nchifukwa chake imasangalala pa chimanga. Pa zomera zina mphamvuyo imachepa, ndipo mbozi imataya nyonga yake polimbana ndi ululu m'malo mokula.

Chachinayi ndi pobisala. Nsonga ya chimanga ndi ya mapira ili ngati kachipinda kozama kamene kamateteza mbozi ku dzuŵa, ku mbalame ndi ku mankhwala opopera. Tsamba la nyemba kapena la tomato lili poyera.

Zotsatira zake zimaoneka m'njira zinayi zimene tingathe kuziŵerenga: kuchuluka kwa mbozi zimene zapulumuka, masiku amene zatenga kuti zikhwime, kukula kwa thupi lake poloŵa m'nthaka, ndi kuchuluka kwa mazira amene gulugufe adzaikire. Mbozi yodya movutika imachedwa kukhwima, nthaŵi zina imafundula koposa kasanu, ndipo gulugufe wake amakhala wamng'ono, wa mazira ochepa. Kuchedwa kumeneku kumaiika pangozi, pakuti tsiku lililonse limene yawonjezera pa tsamba ndi tsiku linanso loti nyerere, mavu, mbalame kapena mvula yamphamvu iiphe. Komabe, ngakhale zitapulumuka zochepa, zimakwanira kufikitsa mtunduwo ku dzinja lotsatira.

Tiwonjezere mfundo imodzi yothandiza kunyumba. Chakudya choposa magawo atatu mwa anayi chimene mbozi imadya pa moyo wake wonse, imachidya pa msinkhu wotsiriza. Mlimi amene amadikira kuona masamba atang'ambika wachedwa kale. Mwana amene waphunzira kuzindikira mazira ndi timaŵanga toonekera kuŵala angapulumutse munda wa makolo ake.

Zimene kapuchi ndi mbozi ya nandolo zimatiphunzitsa

Kuti ana asaganize kuti mbozi zonse zimakhala mofanana, ndi bwino kuwapatsa zitsanzo zina ziŵiri za m'minda yomweyo. Kapuchi, amene amaboola phesi la chimanga ndi la mapira, ali ndi njira yake yosiyana: chilimwe chikafika angathe kugona m'phesi louma kwa miyezi yambiri osadya, kufikira mvula itabwera. Mtundu umodzi wa kapuchi, Chilo partellus, unachokera ku Asia, ndipo malo oyamba mu Africa kumene unalembedwa ndi kuno ku Malaŵi, cha m'ma 1930. Mlendo wa mu 2016 sanali woyamba.

Kapuchi amatisonyeza bwino kusiyana kwa kudya ndi kukula. Gulugufe wake amakopeka ndi nsenjere, naikirapo mazira ambiri. Koma timbozi tikayamba kuboola, nsenjere imatulutsa utomoni womata umene umatitsekereza, ndipo tambiri timafa tisanakule. Akatswiri a bungwe la icipe ku Kenya, motsogozedwa ndi Zeyaur Khan, pamodzi ndi anzawo a ku Rothamsted ku England, anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Anabzala nsenjere mozungulira munda kuti ikope agulugufe, nabzala desmodium, chomera cha mtundu wa nyemba, pakati pa mizere ya chimanga kuti fungo lake liwathamangitse. Chomera china, chikasankhidwa bwino, chimasanduka msampha.

Chitsanzo chachiŵiri ndi mbozi yoboola makoko a nandolo, mbewu imene mabanja ambiri a ku Phalombe amadalira pa ndiwo ndi pa ndalama. Mbozi imeneyi, Helicoverpa armigera, ndi yomweyo imene imawononga thonje, imene imaboola tomato, ndiponso imene timaipeza ku ndevu za chimanga chachiŵisi. Iyo imakonda maluŵa ndi zipatso zanthete, ndipo imatsata mbewu zimenezi motsatizana, pakuti nandolo amachita maluŵa chimanga chitachoka m'munda. Ana ambiri amadabwa akamva kuti mbozi ya m'tomato ndi ya m'nandolo ndi imodzi.

Kuyesa m'kalasi

Zonsezi zingathe kulembedwa pa bolodi, ana nkuzikopera, nkuziiŵala. Njira yabwino ndi kuwalola kuti alere mbozi okha. Zipangizo zake ndi izi: mabotolo oonekera m'kati otsukidwa bwino, tinsalu takale totsekera kukamwa kwake, mphira kapena luzi lomangira, dothi pang'ono, rula, ndi kope limodzi pa gulu lililonse.

Gaŵani kalasi m'magulu asanu, gulu lililonse ndi chomera chake: chimanga, mapira, kapinga, nsenjere, ndi masamba a nyemba kapena a khobwe. Pemphani chilolezo kwa mwini munda umene sunapoperedwe mankhwala, ndipo funani tsamba lokhala ndi gulu limodzi la mazira. Mlangizi wa zaulimi wa m'deralo angakuthandizeni kuwazindikira. Mazira akaswa, tengani timbozi ndi nthenga ya nkhuku, osati ndi zala, ndipo gulu lililonse lilandire khumi.

Mbozi iliyonse ikhale m'botolo lakelake. Lamulo limeneli lisaphwanyidwe, chifukwa mbozi zimenezi zikakula zimadyana zokhazokha. Ndicho chifukwa chake m'nsonga imodzi ya chimanga timapezamo mbozi yaikulu imodzi kapena ziŵiri zokha. Mukaika zambiri pamodzi, ana adzanena kuti tsamba ndilo lazipha pamene zadyana. Mabotolo onse akhale pamalo amodzi a mthunzi, pakuti kutentha kumafulumizitsa kukula. Masamba asinthidwe m'maŵa uliwonse, ndowe zichotsedwe, ndipo pa Loŵeruka ndi Lamlungu pasankhidwe ana okhala pafupi oti azidzasamala. Mbozi ikasiya kudya nkuyamba kuyendayenda, thirani dothi lonyowa pang'ono pansi pa botolo kuti iloŵemo.

Musanayambe, funsani ana chifukwa chimene timbozi tonse tiyenera kuchokera ku mazira amodzi, ndi chifukwa chimene mabotolo ayenera kukhala malo amodzi. Aloleni akangane kufikira atapeza okha kuti chinthu chimodzi chokha ndicho chiyenera kusiyana, ndicho chakudya. Mwana amene wamvetsa zimenezi waphunzira maziko a sayansi yonse yoyesa. Gulu lililonse lilembenso zimene likuyembekezera kuona, ndipo pepalalo lisungidwe.

M'kope mukhale mizati iyi: tsiku, chiŵerengero cha zamoyo, utali wa mbozi iliyonse m'mamilimita, tsiku loloŵa m'dothi, ndi tsiku lotuluka gulugufe. Poyeza utali, rula iikidwe kunja kwa botolo. Pakutha pa masabata anayi kapena asanu, magulu alembe zimene apeza pa bolodi, apeze avereji ya masiku, ndipo ajambule galafu. Motero phunziro la Zaulimi ladyetsa la Masamu, ndipo lipoti la gulu lililonse ndi chimangirizo cha Chicheŵa.

Kaŵirikaŵiri mbozi za pa chimanga ndi pa mapira ndizo zimatsogola. Koma tikuchenjezani, anzathu: musakonze manambala a ana kuti agwirizane ndi zimene munaŵerenga. Ngati za pa kapinga zapambana, kapena za pa chimanga zafa zonse, funsani kalasi chimene chachitika. Mwina masamba anali ofota, mwina botolo linachita nkhungu, mwina nyerere zinaloŵa, mwinanso kapingayo analidi chakudya chabwino. Nthaŵi zina m'botolo mumatuluka kamavu kakang'ono kapena ntchentche m'malo mwa gulugufe, makamaka ngati mbozi inatoledwa yaikulu kale kumunda. Limenelo ndi tsiku lamwayi, pakuti ana aona ndi maso awo mdani wa mbozi amene anakulira m'thupi mwake. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ntchito ikatha, agulugufe asaulutsidwe. Aphedwe, ndipo ena aumitsidwe kuti akhale pa ngodya ya sayansi. Ana asambe m'manja tsiku lililonse, ndipo mankhwala ophera tizilombo asaloŵe m'phunziro limeneli.

Kuchokera m'botolo kupita kumudzi

Gawo lotsiriza ndi mapu. M'mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, pamene dziko lauma, yendani ndi ana kuzungulira sukulu ndi kulemba malo onse obiriŵira: madimba, zitsa za mapira, nzimbe, udzu wa pa mjigo. Pamalo aliwonse ayang'ane zomera 20 ndi kulemba zingati zili ndi zizindikiro za mbozi. Mapu ameneŵa ndiwo yankho la funso limene tinayamba nalo.

Pano mpamene mphunzitsi ayenera kusamala kwambiri, chifukwa mwana wachangu angathamangire kunyumba kukauza makolo kuti azule nandolo, atenthe udzu wonse ndi kusiya kulima dimba. Uphungu wotere ungabweretse njala. Dimba ndilo limadyetsa banja nkhokwe ikatha. Moto umapha nyerere, mavu ndi akangaude amene amadya mbozi, ndipo umasiya nthaka pamtetete, pamene agulugufe angabwerebe kuchokera kutali. Ndiponso akatswiri apeza kuti chimanga chosakaniza ndi mbewu za mtundu wa nyemba kaŵirikaŵiri chimawonongeka pang'ono poyerekeza ndi chimanga cholimidwa pachokha.

Zimene mwana angapite nazo kunyumba ndi zochepa koma zoona: kuti chimanga cha m'dimba chiyenera kuyenderedwa kaŵiri pa sabata monga cha kumunda, kuti chimanga chomera chokha ndi mphukira za mapira zosafunika zichotsedwe nyengo yobzala isanafike, kuti mudzi ubzale nthaŵi imodzi ndi mvula yoyamba, popeza munda wochedwa umalandira agulugufe a minda yonse yoyandikana nawo, ndi kuti mazira ndi timbozi tiphwanyidwe tisanafike msinkhu wodya kwambiri. Zokhudza mankhwala azisiyire mlangizi.

Ambiri mwa ana amene tidzawaphunzitse ku Kaduya adzalima, ndipo adzakumana ndi tizilombo timene ife sitinationepo, monga momwe makolo awo anadzidzimukira mu 2017. Dzina la kachilomboko sitingawauze lero. Koma mwana amene analerapo mbozi khumi m'mabotolo adzadziŵa mafunso oyamba ofunsa: kamadya chiyani mbewu yanga ikachoka, kamakula bwino pa chomera chiti, ndipo kamafa pa chiti.